Ulusi Wobiriwira m'Botolo

Ntchito yanga ndi yokonza njinga. Ndili ndi kashedi m'mbali mwa msewu wopita kumalire, ndipo ndakhala pamenepo zaka zoposa makumi awiri. Sukulu ndinalekeza Fomu 4. Fizikisi ndinaphunzirako, koma zambiri zinachoka m'mutu kalekale.

Mwana wanga wamkazi atangolowa Fomu 3, analephera mayeso oyamba a fizikisi. Kalasi yawo inali yodzaza, ndipo aphunzitsi awo, bambo wachinyamata wosakonda kuseka, ananena kuti amene alephera achotsedwa, akatenge phunziro lina. Mwanayo ankafuna kudzagwira ntchito yojambula odwala m'chipatala, ndipo anali atafunsa kale kuti ntchitoyo popanda fizikisi sangaipeze. Analira masiku awiri. Tsiku lachitatu anabwera ndi nkhani yakuti aphunzitsi awapatsa mpata umodzi. Kusukulu kunali kudzachitika tsiku la sayansi, kudzabwera alendo ochokera ku Blantyre. Aliyense mwa olepherawo amene adzaonetse chinthu chogwira ntchito, n'kuchifotokoza bwino, adzatsala m'kalasimo.

Anali ndi masabata atatu, koma choti akaonetse analibe.

Nthawi imeneyo alamu anga, achimwene a mkazi wanga, ankayendetsa thiraki yopita ku Joni kudzera ku Tete. Ulendo wina anandisiyira katochi kakang'ono ngati cholembera, kotulutsa kuwala kobiriwira, kowonda kwambiri. Ana asukulu amakatchula kuti leza. Iwo ankalozera matayala ndi zingwe za pamwamba pa katundu. Anandichenjeza kuti kasalozedwe m'maso mwa munthu, ndipo ine ndinakatsekera m'bokosi la masipanala.

Masana ena mwanayo anandibweretsera chakudya kushedi, nakapeza katochiko. Anayatsa n'kuloza kukhoma la mkati, kumene kuli mdima pang'ono. Panangooneka kadontho kobiriwira pakhoma. Pakati pa dzanja lake ndi khomalo panalibe kanthu. Kenaka mathiraki awiri anadutsa motsatana, fumbi la mwezi wa Okutobala linalowa m'shedimo, ndipo mwadzidzidzi kuwalako kunaoneka konse, kowongoka ngati ulusi woukoka, kuchokera padzanja mpaka kukhoma. Fumbi litakhazikika, ulusiwo unazimirira, kadontho n'kutsala.

"Ababa, mwaona?"

"Ndaona. Zimitsa, mabatire atha."

Sanazimitse. Anadikira thiraki ina.

Mawa lake anabwera ndi zimene anakopera m'buku la mnzake. Anandiwerengera kuti kuwala sikuoneka ukakuyang'ana cham'mbali pokhapokha kukagunda tinthu tina n'kumwazika, kwina n'kufika m'diso. Fumbi limamwaza kuwala, utsi umamwaza, ngakhale mpweya weniweniwo umamwaza, n'chifukwa chake kumwamba kumaoneka kobiriwira masana. Kutali kumwamba, kumene mpweya ndi wochepa zedi, kumakhala kwakuda ngakhale dzuwa likuwala. Bukulo linanenanso kuti akatswiri amatha kudziwa kuchuluka kwa mpweya wotsala m'chotengera poyeza kuwala kwa leza kumene kwamwazika. Iye ankafuna kuonetsa zimenezo: kuwalitsa m'botolo, kuchotsamo mpweya pang'onopang'ono, anthu aone ulusi uja ukuzilala.

"Mpweyawo uuchotsa ndi chiyani?" ndinafunsa.

"Ndi chimene ndabwerera kwa inu."

Ndinali ndi pampu yakale, ija umaiponda ndi phazi pansi n'kumapopa ndi manja, imene ndinaisiya chifukwa chogwirira chinathyoka. M'kati mwa pampu muli chikopa chooneka ngati kambale, chimene chimakankha mpweya. Ndinachitembenuza kuti chizikoka m'malo mokankha, ndinaikanso chogwirira china. Pa paipi ndinaikapo vavu ya chubu chakale moyang'anitsa kwina, kuti mpweya ukatuluka m'botolo usabwererenso. Paipi yoyamba inkaphwatalala ndikakoka, ndiye ndinaika ya petulo, ya njinga yamoto. Zinanditengera masiku anayi, pakati pa ntchito za makasitomala.

Botolo tinapeza lalikulu, la vinyo wa ku Mozambiki, lija anthu a kumalire kuno amati galafawu. Chotsekera ndinadula ku patapata wakale. Ndinkaopa kuti galasi lingaphwanyike mpweya ukachepa m'kati, choncho ndinalikulunga ndi malegeni, n'kusiya mipata iwiri, wina wolowera kuwala, wina woyang'anira. Kenaka tinaliika m'katoni imene mwanayo anaipaka makala osinja m'kati monse. Katoniyo inali ndi mabowo awiri, la katochi ndi la diso, ndipo pamwamba pankangotuluka khosi la botolo ndi paipi. Kuti tidziwe ngati mpweya ukuchokadi, tinaponyamo kabaluni komanga kukamwa. Titakoka pampu kangapo, kabaluniko kanayamba kufufuma kokha. Mwanayo anaomba m'manja. Ine ndinangoti chotsekera chagwira.

Vuto linabwera titayatsa katochi. M'botolo la mpweya woyera simunaoneke ulusi uliwonse, tisanakoke ngakhale titakoka. Tinasinthana diso pabowo mpaka misozi. Palibe.

Ndiye anaganiza zothiramo utsi. Anayatsa chitsononkho, nachizimitsa, nalowetsa utsi pang'ono pakamwa pa botolo. Ulusi unaoneka bwinobwino. Atakoka pampu kakhumi unayamba kuchepa mphamvu. Atafika makumi atatu unali wovuta kuuona.

"Ndiye ukuonetsa mpweya kapena utsi?" ndinamufunsa.

"Utsi ukuimira mpweya, ababa. Mpweya umamwaza pang'ono kwambiri, diso silingaone m'botolo laling'ono chonchi. Koma ndikakoka, mpweya ndi utsi zikuchokera limodzi."

"Ukanene zimenezo kumeneko. Usakanamize anthu."

Ndinamuuzanso kuti wina angathe kunena kuti utsiwo wangokhazikika wokha pansi. Tinayesa kuthira utsi n'kusiya osakoka, tikuyang'ana wotchi. Nthawi imene kukoka kunkatenga inatha ulusi ukadali wowala. Analemba zimenezo m'kope.

Anayeserera tsiku lililonse akaweruka, kwa masabata awiri. Sizinalephereko ngakhale kamodzi. Koma utsi wa masiku onsewo unasiya mwaye wachikasu m'kati mwa galasi, ndipo botololo linkanunkha ngati khitchini. Mayi ake analiona tsiku lina tili kulimanga malegeni atsopano.

"Limeneli ndi limene mukaonetse alendo?"

"Likhala m'katoni, mayi. Saliona," ndinatero.

"Hmm," anatero iwo, n'kupita.

Tsiku lisanafike, madzulo dzuwa likadalipo, tinalongedza zonse n'kuika katoni pakhonde la kuseri. M'mawa ndinaimangirira pa kaliyala, mwanayo atanyamula pampu, ndipo tinakankha njinga wapansi mpaka kusukulu kuti botolo lisagwedezeke. Ndinaona kuti katoni yamangidwa ndi mfundo ina, osati yanga. Ndinaganiza kuti ndi mwanayo. Sindinafunse.

Zionetsero zinali m'holo. Makolo sankaloledwa kulowa, tinaima panja m'mazenera. Mkazi wanga anafika mochedwerapo, atavala chitenje chake cha kutchalitchi, naima pambali panga. M'katimo munali matebulo oposa khumi. Ena anapanga chitofu chosatha makala, ena sefa ya madzi ya mchenga, mnyamata wina belu lolira mbuzi ikalowa m'dimba. Woweruza wamkulu anali mayi wina wa magalasi, wophunzitsa pa koleji ina ku Blantyre. Aphunzitsi a fizikisi ankayenda pambuyo pawo atagwira kope.

Tebulo la mwana wanga linali pafupi ndi zenera lathu, moti ndinkamva zonse. Anafotokoza bwino, mosathamanga. Ananenanso za utsi, kuti ukungoimira mpweya. Analowetsa utsi, natseka, nayatsa katochi. Mayi aja anawerama n'kuika diso pabowo.

"Ndikuuona," anatero.

"Tsopano ndichotsa mpweya, madamu. Muona ukuzilala."

Anaponda pampu n'kukoka. Kamodzi, kawiri, katatu.

"Ukuwala kwambiri," anatero mayiwo, diso likadali pabowo.

"Uyamba kuchepa, madamu."

Anakoka mwamphamvu, mofulumira. Ndinkaona thukuta pamphumi pake.

"Mwanawe, ukamakoka m'pamene ukuwalirawalira. Tsopano botolo lonse labiriwira. Taona wekha."

Anayang'ana. Atadzutsa mutu, nkhope yake inali ngati ya munthu amene wauzidwa za maliro. Ana a patebulo loyandikana anayamba kuseka. Wina anati, "Wapanga babu m'malo mozimitsa!" Aphunzitsi a fizikisi sanaseke. Analemba kanthu m'kope mwawo.

Ine ndinkaganiza za chikopa, kuti mwina chatembenuka, pampu yayamba kukankha. Koma dzanja lake linkaonetsa kuti pampu ikulimba pokoka, monga mwa masiku onse.

Mkazi wanga anandigwira pamkono.

"Bambo ake, si ndiye kuti zayenda? Akuti likuwala kwambiri. Ndinadziwa ine kuti likayera liwala."

"Likayera chiyani?"

"Botololo. Ndalitsuka m'mamawa, inu muli kubafa."

"Mwatsuka?"

"Ndi mchenga ndi sopo, katatu. Mumafuna alendo a ku Blantyre akaone mwaye wa pakhomo panga? Azikati mwanayu amachokera kunyumba kopanda mayi?"

Pakhomo pathu chilichonse chopita pamaso pa alendo chimatsukidwa, ngakhale mpando. Ndinkadziwa zimenezo zaka zonsezi, ndipo ndinamva "hmm" uja, koma sindinaganizepo.

M'katimo mayi aja anauza mwanayo kuti atulutse botolo m'katoni. Pamipata ya malegeni galasi linkaoneka loyera mbee, ndipo m'kati munali choyera ngati utsi wambiri, woposa umene anathira. Pansi panali timadzi. Atazula chotsekera, mpweya unalowa ndi mluzu, choyeracho n'kutha nthawi yomweyo.

"Chachitika n'chiyani?" anafunsa mayiwo.

"Sindikudziwa, madamu."

"Kunyumba zinkatheka?"

"Tsiku lililonse."

"Ndili ndi matebulo ena, kenaka tikadya. Ndibweranso thuu koloko. Udzandiuze chachitika."

Aphunzitsi anayang'ana wotchi.

Mwanayo anatuluka atanyamula botolo ndi zipangizo zake zonse, tinakakhala kuseri kwa holo, pamthunzi wa mthethe. Mayi ake anayamba kufotokoza, iye anangoti, "Amayi, chonde." Mayi akewo ananyamuka kuti akagule zakumwa. Ndinaona kuti apita kuti asalire pamaso pake.

"Madzi ndi amene asintha," ndinatero. "China chilichonse n'chimodzimodzi."

"Koma madzi ali pansi, ababa. Kuwala kukudutsa pamwamba."

Tinayesanso pomwepo, botolo lili kunja kwa katoni. Popanda utsi, anakoka, m'kati munangochita kambuu pang'ono. Ndi utsi, kukoka kulikonse kunkabweretsa choyera chija, ndipo akalowetsa mpweya chinkatha. Anabwereza kanayi. Palibe mwa ife amene anadziwa chifukwa chake, ndipo nthawi inali kupita.

Pamene ankazula chotsekera kachisanu, ndinakumbukira chinthu cha kuntchito. Sindinachione ngati chofunika, ndinangonena.

"Ukamapopa tayala, pampu imatentha kumunsi. Koma ukaphwetsa chubu cholimba, mpweya wotulukawo umazizira. Vavu imachita kuzizira pachala."

Anandiyang'ana.

"Nenaninso."

Ndinabwereza.

"Ndiye mpweya ukapanikizika umatentha, ukamasuka umazizira," anatero pang'onopang'ono. "Ndikakoka, wotsala m'botolo ukumasuka. Ukuzizira." Anagwira galasi, koma silinali lozizira, ndipo anakayika. Kenaka anati, "Galasi ndi lokhuthala, silingazizire msanga. Ababa, m'botolo monyowa mpweya uli ndi chinyezi. Chinyezi chikazizira..."

"Nkhungu," ndinatero. Amene anakwerapo mapiri a kwa Kanduku m'mawa wa mwezi wa Juni amaidziwa.

"Nkhungu! Timadontho ta madzi. Ndi timene tikumwaza kuwala, kuposa utsi."

"Nanga utsi ukuchitapo chiyani? Popanda utsi sizinachite kwenikweni."

"Sindikudziwa."

"Ukanene kuti sukudziwa."

Panatsala ola limodzi ndi theka. Botolo la khosi lopapatiza siliuma msanga. Ndinamasula malegeni, ndinachotsa sipoko imodzi ku wilo la kutsogolo la njinga yanga, ndinamangirira kansalu kunsonga, tinapukuta m'kati mmene tikanathera. Kenaka tinaligoneka pa lata lakale limene linali padzuwa kuseri kwa khitchini ya sukulu. Linatentha moti sunkatha kuligwira nthawi yaitali. Ndinalowetsa paipi mpaka pansi pa botolo, osatseka, n'kumakoka kuti mpweya wonyowa uzituluka, wouma uzilowa. Mayi ake atabwera ndi zakumwa, anaona zimene ndikuchita, anaika mabotolo pansi, nati, "Patseni kuno." Anakoka pampuyo mphindi makumi awiri osapuma, chitenje cha kutchalitchi chili m'fumbi.

Titaona kuti lauma, tinaliika pamthunzi kuti lizizire, ndinalimanganso. Tinayesa kamodzi. Ulusi unazilala monga kale.

Thuu koloko itadutsa pang'ono, mayi aja anabwera, aphunzitsi ali pambuyo. Anthu m'mazenera anali atachepa. Mwanayo anaonetsa za botolo louma. Mayiwo anayang'ana mpaka kukoka kwa makumi atatu, nati, "Wazilala." Kenaka mwanayo, osafunsidwa, anatenga madzi odzaza kachitsekero ka botolo la chakumwa, nathira m'galafawu muja, nagwedeza, nathira utsi, nakoka. Zimenezo sitinapangane. Botolo linawalanso. Anafotokoza za kuzizira ndi nkhungu, ndipo ananena kuti za pampu yotentha wamva kwa bambo ake, okonza njinga.

"Nanga utsi ukuthandiza chiyani pa nkhunguyo?" anafunsa mayiwo.

"Sindikudziwa, madamu. Ndangoona kuti popanda utsi nkhungu imachepa."

"Chinyezi chimafuna pogwira kuti chikhale dontho. Utsi ndi umene ukupereka pogwirapo. Ukawerenge." Anatembenukira kwa aphunzitsi. "Ndi wanu uyu?"

"Ali m'kalasi mwanga," anayankha iwo.

Mphoto inapita kwa a chitofu, yachiwiri kwa mnyamata wa belu. Mwana wanga sanatchulidwe. Pamene ndinkamangirira katoni pa kaliyala, aphunzitsi aja anadutsa, ndinawapatsa moni.

"Ndinu bambo ake?"

"Ndine, aphunzitsi."

"Chionetsero chake chinalephera pa nthawi yake. Ena anaonetsa kamodzi, zinatheka."

"Ndi zoona."

"Masamu akenso ndi ofooka. Fizikisi si mabotolo okha."

"Ndamva."

Anayang'ana pampu ija kanthawi, anaikoka kamodzi, anaibweza, napita. Sananene ngati watsala kapena ayi.

Tinabwerera wapansi tonse atatu. Linali Lachisanu. Loweruka ndi Lamlungu mwanayo sanadye bwino, ndipo mayi ake ankayenda mwakachetechete m'nyumba ngati mlendo. Ine ndinapita kushedi masiku onse awiri, ngakhale Lamlungu sindigwira ntchito.

Lolemba anaweruka mochedwa. Ndinamuona akubwera m'mbali mwa msewu, kuseri kwa mathiraki oima pamzere, atakumbatira kanthu pachifuwa. Atafika anaika pa benchi yanga, pamwamba pa masipanala, buku la fizikisi la sukulu, lakutha m'makona, lokhala ndi chidindo pachikuto. Mabuku amenewo anali ochepa, ankabwereketsa okhawo amene atsala m'kalasi, limodzi kwa ana atatu.

"Ndi langa mpaka Lachinayi," anatero. "Akutinso ndizipita ku masamu a masana."

Ndinamuuza kuti alichotse pa benchipo, pali girizi.